Michael Davitt, mwana wa tenanti amene mpando wa uphungu unkamupulumuka

Mu February 1882, anthu a m'dera la Meath ku Ireland adasankha phungu amene sakadatha ngakhale kubwera kudzawathokoza. Munthuyo adali m'ndende ya Portland ku England. Palibe amene adaima kupikisana naye, ndiye adangodutsa. Patangopita masiku ochepa, nyumba ya malamulo ku London idagamula kuti mkaidi wa mlandu waukulu sangakhale phungu, mpando uja n'kukhalanso wopanda mwini.

Mkaidiyo dzina lake adali Michael Davitt, munthu wa dzanja limodzi, wobadwira m'banja la matenanti. Pa moyo wake adasankhidwa kanayi kukhala phungu, ndipo ulendo uliwonse mpando udachoka m'manja mwake nthawi yake isadakwane: koyamba chifukwa cha ndende, kachiwiri chifukwa cha ansembe, kachitatu chifukwa cha ngongole, komaliza adausiya yekha. Amene afuna kudziwa mmene voti ya mmphawi idachokera m'manja mwa eni minda n'kufika m'manja mwa mwini wake ku Ireland, angotsata mapazi a munthu ameneyu.

Davitt adabadwa pa 25 March 1846 m'mudzi wa Straide, m'boma la Mayo, kumadzulo kwa Ireland. Nthawi imeneyo Ireland idalibe nyumba yake ya malamulo. Kuyambira mu 1801 dzikolo linkalamulidwa kuchokera ku London, ndipo aphungu ake ankakakhala komweko. Minda yambiri idali ya mabanja ochepa olemera, ena mwa iwo okhala ku England osaiona n'komwe mindayo. Anthu wamba ankalima ngati matenanti, kulipira lendi chaka ndi chaka, ndipo mwini malo ankatha kukweza lendiyo kapena kuwathamangitsa mmene wafunira.

Mwanayu adabadwa njala ili mkati. Chiwawu chidagwira mbatata ya kachewere, yomwe idali chakudya cha tsiku ndi tsiku cha amphawi, ndipo pa zaka zochepa chabe anthu pafupifupi 1 miliyoni adafa, enanso ochuluka chimodzimodzi n'kuthawa m'dzikomo. Bambo ake, a Martin Davitt, adatsalira pa lendi. Mu 1850, Michael ali ndi zaka zinayi, banja lonse lidatulutsidwa m'nyumba. Adapita ku Swinford, ku nyumba yomwe boma linkasungiramo amphawi, koma mayi ake atamva kuti lamulo la kumeneko limalekanitsa mwana wamwamuna ndi mayi wake, adakana kukhalako. Banjalo lidawoloka nyanja mpaka ku Liverpool, kuchoka apo n'kuyenda pansi kukafika ku Haslingden, tauni ya mafakitale a nsalu m'chigawo cha Lancashire.

Adakula ngati mmene ana ambiri a anthu obwera amakulira. M'nyumba ankalankhula chinenero cha makolo ake cha ku Ireland, panja Chingerezi, ndipo mpaka imfa yake Chingerezi chakecho chinkamveka cha ku Lancashire. Dziko lakwawo ankalidziwira m'nkhani za akuluakulu madzulo, makamaka nkhani ya tsiku lomwe adathamangitsidwa.

Ali ndi zaka 9 adayamba ntchito m'fakitale ya thonje kuti athandize pakhomo. Mu May 1857, ali ndi zaka 11, makina adamugwira dzanja lamanja n'kuliphwanya, madokotala n'kulidula. Chipepeso sadalandire. Munthu wina wachifundo wa m'deralo ndiye adamulipirira sukulu ya mpingo wa Methodist, ngakhale iye adali Mkatolika. Ngozi yomwe idamulanda dzanja ndi yomwenso idamutulutsa m'fakitale n'kumukhazika m'kalasi. Atatha sukulu adapeza ntchito kwa munthu amene ankayendetsa positi ofesi ndi makina osindikizira, ndipo madzulo ankawerenga mabuku a mbiri ya Ireland mu laibulale ya anthu apantchito.

Mu 1865 adalowa gulu lachinsinsi la Irish Republican Brotherhood, lomwe linkakhulupirira kuti Ireland idzamasuka ndi mfuti basi. Adakwera msanga n'kukhala mmodzi mwa ogula ndi kuzembetsa zida. Mu May 1870 apolisi adamugwira pa siteshoni ya sitima ya Paddington ku London, ndipo khoti lidamupatsa zaka 15 za ukaidi wa kalavula gaga pa mlandu woukira boma. Zaka zambiri adakhala ku ndende ya Dartmoor, komwe ankaswa miyala, kusinja mafupa ndi kukoka ngolo, dzanja lili limodzi lomwelo. Adamutulutsa mu December 1877 atakhala zaka zisanu ndi ziwiri ndi theka, koma pa chikalata chonena kuti boma likhoza kumubweza m'ndende tsiku lililonse.

Adatuluka ali ndi maganizo ena. Adaona kuti mlimi wanjala sangathamangire mbendera asadadziwe ngati chaka chamawa adzakhala akadali pa munda wake. Mu 1878 adapita ku America, komwe mayi ake ndi abale ake adali atasamukira, n'kugwirizana ndi atsogoleri a anthu a ku Ireland okhala kumeneko kuti nkhondo ya ufulu iyambire pa nkhani ya malo, ndiponso kuti agwire ntchito limodzi ndi aphungu m'malo mowanyoza.

Apa mpofunika kuona mmene chisankho chinkayendera m'dera ngati Meath. Derali, lomwe lili kumpoto chakumadzulo kwa Dublin ndipo lili ndi nthaka yachonde ndi msipu wa ng'ombe, linkatumiza aphungu awiri ku London. Ovota adali amuna okhaokha, ndiponso okhawo amene adali ndi malo a mtengo wofika pa mlingo womwe lamulo lidaika. Waganyu wa pamunda adalibe voti. Chinanso, mpaka mu 1872 kudalibe voti yachinsinsi. Munthu ankatchula poyera dzina la amene akumufuna, woyang'anira minda ya bwana ali chiimire pomwepo akumvetsera. Tenanti wovotera munthu amene bwana sakumufuna ankadziwa kuti akusewera ndi denga la ana ake.

Ngakhale zidali choncho, Meath idali m'gulu la madera oyamba kugwedezeka. Mu 1871, kuvota kukadali kwa poyera, anthu adasankha John Martin, yemwe ankafuna kuti Ireland ikhale ndi nyumba yake ya malamulo, n'kugwetsa munthu wochokera m'banja lalikulu la eni minda. Martin atamwalira mu 1875, mpando wake udapita kwa mnyamata wa zaka 28, Charles Stewart Parnell. Iyeyu adabadwa chaka chimodzi ndi Davitt, koma m'nyumba yosiyana kotheratu: adali mwini minda, wa mpingo wa Chiprotestanti, wophunzira ku Cambridge. Anthu awiriwa, mwana wa bwana ndi mwana wa tenanti, ndi amene adadzagwirana manja.

Mu 1879 mbewu zidakanikanso, mitengo ya zokolola idagwa, ndipo ntchito za ganyu ku England ndi ku Scotland, zomwe amuna a ku Mayo ankapitako chaka chilichonse kukakolola kuti apeze ya lendi, zidachepa. Anthu adaona njala ya 1846 ikubwereranso. Davitt adathandiza kukonza msonkhano waukulu ku Irishtown mu April chaka chomwecho, mu August n'kukhazikitsa bungwe la matenanti ku Castlebar. Mu October bungwelo lidakula kukhala la dziko lonse, lotchedwa Irish National Land League, Parnell ali pulezidenti, Davitt ali mmodzi mwa alembi komanso mwini nzeru zake. Zofuna zawo zoyamba zidali zitatu: lendi yoyenera, tenanti asathamangitsidwe ngati akulipira, ndipo akhale ndi ufulu wogulitsa gawo lake pa munda akafuna kuchoka. Cholinga chachikulu chidali choti olima akhale eni nthaka.

Chida chawo chachikulu chidali kugwirizana, poti chala chimodzi sichiswa nsabwe. Munthu akatenga munda wa mnzake wothamangitsidwa, mudzi wonse unkamusala: osamulonjera, osamugulitsa kanthu, osamugwirira ntchito. Mu 1880 zimenezi zidagwera Captain Charles Boycott, woyang'anira minda ya Lord Erne pafupi ndi nyanja ya Lough Mask ku Mayo. Antchito ake onse adachoka, wosula zitsulo ndi wochapa zovala adamukana, mbewu zili m'munda. Padachita kubwera amuna 50 ochokera kumpoto kudzakolola, akulonderedwa ndi asilikali mazanamazana, ndipo ndalama zolondera zidaposa kutali mtengo wa zokololazo. Kuyambira pamenepo dzina la Boycott lidasanduka liwu la Chingerezi lotanthauza kunyanyala munthu kapena malonda ake.

Boma lidayankha ndi manja awiri. Mu February 1881 lidabweza Davitt m'ndende pogwiritsa ntchito chikalata chija, kenako lidamanga Parnell ndi atsogoleri ena, ntchito ya bungwe n'kutsala m'manja mwa amayi motsogozedwa ndi Anna Parnell, nthambi yomwe Davitt adalimbikira kuti ikhalepo. Koma chaka chomwecho boma la William Gladstone lidakhazikitsanso lamulo lovomereza zofuna zitatu zija, ndi khoti lapadera lounika lendi.

Ndi mkati mwa zimenezi mmene phungu mmodzi wa Meath, A. M. Sullivan, adatula pansi udindo chifukwa cha matenda, anthu n'kuika dzina la mkaidi wa ku Portland. Ankadziwa bwino lomwe kuti London idzakana. Chomwe ankafuna n'choti boma limve kuti munthu amene ilo likumutcha chigawenga, iwo akumutcha mtsogoleri. Mpandowo pamapeto pake udatengedwa ndi Edward Sheil, wa chipani cha Parnell. Davitt adatuluka m'ndende pa 6 May 1882.

Atatuluka adadabwitsa anzake. M'ndende adali ataganiza mozama za funso limene ambiri ankalilambalala: tenanti akagula munda wake, nanga waganyu amene alibe ngakhale ndime imodzi apindula chiyani? Iye adaona kuti tenanti wadzulo akhoza kusanduka bwana wouma mtima wamawa. Choncho adayamba kulalikira kuti nthaka yonse ikhale ya dziko, aliyense azilima pobwereka ku boma. Alimi sadaikonde mfundoyi, aliyense ankafuna chikalata cha munda wakewake, ndipo Parnell adaikana. Davitt adatsala yekha pa nkhaniyi, koma sadasiye kulankhulira aganyu ndi anthu a m'mafakitale, a ku Ireland ndi a ku Britain omwe. Mu 1885 adatulutsa buku lofotokoza moyo wa m'ndende, ndipo mu 1886 adakwatira Mary Yore wa ku California.

Zaka zomwezo malamulo a chisankho adasintha. Lamulo la 1884 lidapereka voti kwa amuna ambiri okhala ndi nyumba kumidzi, kuphatikizapo aganyu, ndipo chiwerengero cha ovota ku Ireland chidakwera pafupifupi katatu. Mu 1885 madera adadulidwa mwatsopano. Meath idagawidwa pawiri, North Meath ndi South Meath, lililonse phungu mmodzi. Mphamvu ya eni minda pa voti idatheratu. Funso lotsala lidali loti ndani tsopano aziuza mmphawi kovotera.

Yankho lidaoneka chipani chitang'ambika. Mu 1890 khoti lidathetsa banja la Captain William O'Shea, ndipo zidadziwika poyera kuti Parnell adakhala zaka zambiri pa ubwenzi ndi mkazi wa O'Shea. Davitt adali m'gulu la oyamba kulemba m'nyuzipepala yake kuti Parnell apume kaye. Parnell adakana, chipani chidagawanika, ndipo ngakhale iye atamwalira mu October 1891 chidani sichidathe. Mu December chaka chomwecho Davitt adaima pa chisankho chapadera ku Waterford City n'kugonja kwa John Redmond, wa mbali ya Parnell.

Pa chisankho chachikulu cha 1892 adaima ku North Meath, kupikisana ndi phungu wokhalapo, Pierce Mahony, wotsatira Parnell. Episkopi wa Meath, Thomas Nulty, sadali mdani wa amphawi ayi. Adali ataona ndi maso ake mabanja akuthamangitsidwa, adalemba zambiri zoikira kumbuyo matenanti, ndipo ndi iye amene adathandiza Parnell kupata mpando wa Meath mu 1875. Koma tsopano adalemba kalata yowerengedwa m'matchalitchi onse, yonena kuti kutsatira Parnell n'kosemphana ndi chikhulupiriro cha Chikatolika. Ansembe ambiri adalowa kampeni ndi mapazi onse awiri, pa guwa, m'makomo mwa anthu, mpaka m'malo oponyera voti, momwe ena adakhala ngati oimira chipani. Lamulo la voti yachinsinsi lidali ndi kampata: munthu wosadziwa kuwerenga ankatchula dzina la amene akumufuna pamaso pa woyendetsa chisankho ndi oimira zipani. Ndiye taganizani mlimi wosaphunzira atalowa, n'kupeza wansembe wa parishi yake atakhala pomwepo.

Davitt adapambana ndi mavoti opitirira pang'ono 400. Mahony adakasuma, ndipo mu December 1892 oweruza adathetsa zotsatirazo ponena kuti ovota adaopsezedwa ndi zauzimu. Ku South Meath nakonso zidatha chimodzimodzi. Chowawa n'chakuti Davitt sadali munthu wa ansembe. Adaphunzira pa sukulu ya mpingo wina, ndipo kangapo konse adakangana ndi maepiskopi pa nkhani za ndale ndi maphunziro. Koma adalola thandizo lawo pamene linkamukomera, ndipo walira mvula walira matope. Pa chisankho chobwereza mu February 1893, North Meath idasankha James Gibney, wa mbali yomweyo ya Davitt, zomwe zidaonetsa kuti mwina akadapambana ndithu popanda chiopsezo chilichonse.

Mwezi womwewo anzake adamupezera mpando wina ku North East Cork, komwe adadutsa popanda wopikisana naye. Adalankhula m'nyumba ya malamulo kuikira kumbuyo bilu yopatsa Ireland boma lakelake. Koma ndalama za mlandu wa ku Meath zidamugwera iye, ndipo adalibe. Masiku amenewo phungu sankalandira malipiro, ndalama za aphungu zidayamba mu 1911. Khoti lidalengeza kuti walephera kubweza ngongole, ndipo malinga ndi lamulo munthu wotero sakadapitiriza uphungu. Pofika May 1893 adali panja kachitatu. Mmphawi adali atapeza voti, koma mpando weniweniwo udali ukadali wa anthu a matumba olemera.

Mu 1895 adapita ku Australia kukayendayenda akukamba nkhani m'misonkhano kuti apeze ndalama. Ali pa ulendowo mwana wake wamkazi Kathleen adamwalira kumudzi. Akadali komweko kudachitika chisankho, ndipo madera awiri, East Kerry ndi South Mayo, adamusankha iye kulibe, popanda wotsutsana naye. Adasankha South Mayo, m'boma lomwe banja lake lidathamangitsidwako zaka 45 m'mbuyomo. Pa zaka zinayi zomwe adakhala phungu, mawu ake adalemera kwambiri pa nkhani ya ndende, poti ankalankhula zomwe adaziona yekha, ndipo adathandiza pa zokambirana zomwe zidabala lamulo la 1898 lofewetsa zina mwa nkhanza za m'ndende.

Mu October 1899 Britain idayamba nkhondo ndi Mabunu a ku Transvaal ndi Orange Free State. Davitt adaona kuti ufumu waukulu ukupondereza maiko ang'onoang'ono chifukwa cha golide, ndipo mwezi womwewo adaimirira m'nyumba ya malamulo n'kutula pansi uphungu. Mu 1900 adapita ku South Africa ngati mtolankhani, adayenda ndi magulu ankhondo a Mabunu, n'kulemba buku lowaikira kumbuyo lomwe lidatuluka mu 1902.

Apa mbiri yake ili ndi banga lomwe siliyenera kubisidwa. Munthu amene ankadziwa ululu wolandidwa malo sadaone kuti minda ya Mabunu amene ankawatamandawo idali nthaka yolandidwa kwa anthu akuda, amene ambiri adali atasanduka matenanti ndi antchito pa malo a makolo awo. M'zolemba zake anthu akuda amawatchula monyoza, monga ankachitira azungu ambiri a nthawiyo. Anthu akuda zikwizikwi adafera m'misasa ya nkhondoyo, ndipo mu 1913 boma la azungu lidakhazikitsa lamulo lowasiyira gawo lochepa zedi la dziko lawo. Chisoni chake, chomwe mu 1903 chidamufikitsa mpaka ku Kishinev kukafufuza za kuphedwa kwa Ayuda, pa anthu a mu Africa chidaima panjira.

Nkhondo ya ku South Africa idafikanso ngakhale pa mpando womwe adausiya. Pa chisankho chapadera cha South Mayo mu February 1900, ena adaika dzina la John MacBride, mwana wa ku Mayo yemwe panthawiyo ankamenya nkhondo kumbali ya Mabunu. Ovota adasankha John O'Donnell wa bungwe latsopano la alimi la United Irish League, MacBride n'kugonja kutali. Kwa mlimi wa ku Mayo, nkhani ya munda idali patsogolo.

Mu 1903 lamulo lina lidatsegula njira yoti matenanti agule minda ndi ngongole ya boma yobweza pang'onopang'ono. Davitt adalidzudzula ponena kuti likulipira eni minda mopitirira muyeso. Komabe pofika nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse, alimi ambiri a ku Ireland adali eni minda yawo. Zomwe ankaopa zija nazo zidachitika: aganyu adapatako tinyumba ta boma ndi kadimba, koma nthaka sadaipeze, ndipo anyamata ndi atsikana a ku Mayo adapitiriza kuwoloka nyanja chaka ndi chaka kukakumba mbatata m'minda ya ku Scotland.

Davitt adamwalira ku Dublin kumapeto kwa May 1906 ali ndi zaka 60, magazi atalowa poizoni pambuyo pochotsedwa dzino. Adasiya mawu oti maliro ake asakhale ndi mwambo waukulu, koma anthu zikwizikwi adabwerabe kudzatsanzika, thupi lake n'kunyamulidwa pa sitima kubwerera ku Straide.

Madera omwe adawaimira sadakhalitse pambuyo pake. Pa chisankho cha 1918, choyamba chomwe amayi a zaka 30 kupita m'tsogolo adaloledwa kuvota, North Meath ndi South Mayo adasankha aphungu a chipani cha Sinn Féin, amene adakana kukakhala ku London n'kukhala mbali ya nyumba ya malamulo yatsopano ku Dublin. Mu 1922 gawo lalikulu la Ireland lidayamba kudzilamulira, maina a maderawo n'kufufutidwa pa mndandanda wa mipando ya ku London. Ku Straide, tchalitchi chakale chomwe Davitt adabatizidwiramo lero ndi nyumba yosungiramo mbiri yake, ndipo manda ake ali chapafupi pomwepo, m'mudzi womwe banja lake lidachokamo litasenza katundu mu 1850.